Funsani Adokotala: Anabele a M'chifuwa Atupa, Sikani Ikutanthauza Chani?

Mwezi uno makalata angapo abwera pa nkhani imodzimodzi ya anabele otupa m'kati mwa chifuwa, nde ndasankhapo anayi. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Adokotala, amuna anga akhala akutsokomola pafupifupi miyezi iwiri, atawajambula X-ray anati pakati pa chifuwa pakuoneka potakata nde anawatumiza ku CT sikani. Pepala la zotsatira tinakatenga tokha, lalembedwa mchizungu, pali mawu oti mediastinal lymphadenopathy komanso penapake alemba station 7, 16 mm. Kukaonana ndi adokotala ndi sabata yamawa koma ine usiku ndinalemba mawuwo pa Google nde chilichonse chikungotuluka khansa khansa, tulo sindikupeza ndipo iwowo sindinawauze zomwe ndawerengazo. Chonde ndiuzeni zoona, ndi khansa eti?
Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi masiku osagonawa. Zoona zomwe mukufunazo ndi izi: pepala lomwe muli nalolo silinanene kuti ndi khansa, ndipo CT payokha singanene zimenezo. Mawu aatali aja akungotanthauza kuti anabele a pakati pa chifuwa akula kuposa mmene amayenera kukhalira, basi. Chomwe chawakulitsa sichinadziwike.

Anabele tonse timawadziwa, munthu ukavulala chala cha kuphazi bala nkuyamba mafinya umamva kanthu kolimba kopweteka mphechepeche, kapena pakhosi ukadwala zilonda za kummero. Chomwe ambiri sadziwa nchoti timinofu timeneti timakhalapo nthawi zonse olo munthu ali bwinobwino, ndi tosefera tizilombo ndi zinyalala za mthupi, ndipo mchifuwa muli tambirimbiri tozungulira njira ya mpweya, pakati pa mapapo awiriwa komanso pamene njira ya mpweya ndi mitsempha ya magazi zimalowera mmapapo. Vuto ndi loti a mchifuwawa sungawagwire ndi dzanja, ali kuseri kwa fupa, nchifukwa chake timadalira kujambula.

X-ray imangoonetsa mthunzi, mtima, mitsempha ikuluikulu, fupa la msana, zonse zimasanjikizana pa chithunzi chimodzi nde dokotala amangotha kunena kuti apa pakuoneka potakata. CT ndiye imadula chifuwacho mzidutswa zopyapyala mazanamazana, ife timakhala pa kompyuta nkumatsika nazo kuchokera pakhosi mpaka pamimba, mwanabele aliyense amaoneka ngati kadontho kotuwa pakati pa mafuta akuda. Tikamupeza timamuyeza mulifupi osati mulitali, chifukwa mwanabele wabwinobwino amakhala wotalika mbali imodzi ngati kanjere, akayamba kudwala mpamene amafufuma nkukhala wobulungira. Muyeso womwe madokotala ambiri amagwiritsa ntchito ndi 10 mm, akapitirira pamenepo timalemba kuti wakula. Station 7 ndi adiresi chabe. Mu 2009 bungwe la akatswiri a khansa ya mmapapo lotchedwa IASLC linatulutsa mapu ogawa anabele a mchifuwa mmalo 14 kuti dokotala wojambula, wa opaleshoni ndi wa khansa azimvana akamanena malo, ndipo nambala 7 ndi pansi penipeni pomwe njira ya mpweya imagawikira pawiri kupita kumanja ndi kumanzere. Pamalo amenewa anabele amakhala okulirapo kale mwachibadwa, ambiri timalola mpaka cha mma 12 mm, choncho 16 mm ya bambowo ndi yokuladi, siyonyalanyaza, koma si chimphona ayi. Ndipo musasokoneze station ndi stage, ndaonapo anthu akulira kuti nthenda yafika siteji 7 pomwe siteji yoteroyo kulibe.

Tsopano chimatupitsa anabele amenewa nchani. TB ndi imodzi mwa zikuluzikulu, makamaka kwa ana ndi kwa anthu omwe ali ndi HIV, ndipo nthawi zambiri imasiya chizindikiro chake: akabaya mankhwala oonetsa bwino mitsempha pojambula CT, mwanabele wa TB amawala mmphepete ngati mphete pakati pali pakuda, chifukwa mkatimo mwafa nkufewa. Pali nthenda ina yotchedwa sarcoidosis yomwe anthu ambiri sanaimvepo, siyopatsirana komanso si khansa, imatupitsa anabele mbali zonse ziwiri mofanana ndithu kuphatikiza a kumanja kwa njira ya mpweya, ena amabwera ndi akakolo otupa, kutentha thupi ndi tizotupa tofiira topweteka pa misongolo, ndipo ambiri a iwowa amachira okha popanda mankhwala. Chibayo chomwe changotha kumene chimasiya anabele otupa kwa masabata angapo. Mtima ukamalephera kupopa bwino madzi nkumadzadza mmapapo, anabele amafufumanso pang'ono. Omwe anagwirapo ntchito mmigodi kapena yoswa miyala, fumbi lija limakakhazikika mwa anabele mpaka amachita chikhungwa choyera chopyapyala ngati chigoba cha dzira. Kenako ndiye khansa, sindikubisirani, ilipo pa mndandandawu: lymphoma yomwe imayambira mwa anabele momwemo ndipo imakonda kutsogolo kuseri kwa fupa la pachifuwa, khansa ya mmapapo yomwe yafalikira, kapena yochokera kwina monga kummero ndi kubere.

Nkhani ili apa mayi, zonsezi zimatha kufanana pa chithunzi. Lymphoma nayo imatha kufa pakati nkuoneka ngati TB, TB imatha kuoneka ngati sarcoidosis, ndipo mwanabele wa 8 mm amatha kukhala ndi khansa mkati pomwe wa 20 mm ndi wongotupa ndi chifuwa wamba. Ine ndikamalemba lipoti ndimanena kukula, malo, maonekedwe ndi zomwe ndikukayikira, koma dzina lenileni la nthenda limachokera ku labu.

Nde sabata yamawayo yembekezerani kuti adokotala afunsa ngati bambowo akuwonda, akutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, ngati amasuta fodya ndipo kwa zaka zingati, anagwirapo ntchito yanji, panyumba kapena kuntchito pali wodwala TB. Ayeze makhololo pa GeneXpert, makina oyezera TB omwe WHO inavomereza mu 2010 ndipo amaonetsanso ngati TB yake ili yosamva mankhwala a rifampicin, ayezenso HIV ndi magazi. Koma dziwani kuti TB ikakhala mwa anabele okha osalowa mmapapo makhololo amatha kutuluka opanda kanthu, choncho negative sikuti nkhani yatha. Awagwirenso pakhosi, pamwamba pa fupa la phewa ndi mkhwapa, chifukwa kukapezeka mwanabele wotupa pamenepo nkosavuta kutengapo kachidutswa kusiyana ndi kulowa mchifuwa. Pakapanda wa kunja, pali njira yotchedwa EBUS, amalowetsa kapaipi kofewa pakamwa munthu atamugonetsa pang'ono, kumapeto kwake kuli ka ultrasound koona kupyola khoma la njira ya mpweya, nde amabaya kasingano mwa mwanabeleyo akumuona, ndipo station 7 ndi amodzi mwa malo osavuta kufika mwanjira imeneyi, ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Si chipatala chilichonse chili ndi makinawa, kwina amachita kaopaleshoni kocheka pang'ono mmunsi mwa khosi kotchedwa mediastinoscopy, komwe dokotala wa ku Sweden, Eric Carlens, anafotokoza mu 1959 ndipo mpaka lero kakugwirabe ntchito.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse, bambowo asamwe mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone kapena mankhwala ena a gulu limenelo asanatengedwe kachidutswa, olo wina awauze kuti amatsegula chifuwa. Mankhwalawa amafwetsa lymphoma kwa kanthawi nde a labu akayang'ana sapeza chogwirika, miyezi nkumapita, komanso ngati ili TB amaipatsa mphamvu. Ndipo ngati kunyumba kuli X-ray kapena sikani yakale ya bambowo, olo ya zaka zisanu zapitazo, itengeni. Ndikukumbuka bambo wina yemwe tinali titakonza kale zomubaya singano, mkazi wake anatulutsa CD yakale mchikwama yokulungidwa mpepala, titatsegula anabele aja anali pomwepo, kukula komweko, zaka zitatu mmbuyomo, timadontho toyera ta kashiamu tili mkati kusonyeza chipsera cha nthenda yomwe inapola kalekale. Singano ija sinafunikenso.

Musadikire sabata yamawa ngati nkhope ndi khosi zayamba kutupa makamaka mmawa, mitsempha yatukuka pachifuwa, akubanika akagona chagada, akutsokomola magazi, kapena mawu asasa osabwerera. Zikatero pitani lero lomwe. Za zomwe mwawerengazo auzeni bambowo, nkutheka nawonso akusunga mantha omwewo mumtima poopa kukudandaulitsani, ndipo tsikulo mupite nawo limodzi.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna ali ndi chaka ndi miyezi 8. Anamujambula X-ray chifukwa cha chifuwa chosatha, woyamba kuona anati pali chotupa pamwamba pa mtima, wachiwiri anati palibe vuto ndi thymus. Nde ine ndimvere ndani? Agogo ake omwe timakhala nawo anayamba mankhwala a TB miyezi itatu yapitayo.
Bambo wodandaula

YANKHO: Bambo, onse awiriwo akhoza kukhala kuti aona zoona, koma mzere womaliza wa kalata yanu ndi umene wandigwira kwambiri kuposa X-ray yo.

Thymus ndi kachiwalo kabwinobwino komwe kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, kamathandiza kuphunzitsa asilikali a mthupi, ndipo kwa mwana wosafika zaka ziwiri kamakhala kakakulu kwambiri poyerekeza ndi chifuwa chake mpaka pa X-ray kamaoneka ngati chotupa, nthawi zina kamatulukira kumanja ndi nsonga yake ngati thanga la ngalawa. Kamachepa mwana akamakula. Onjezerani kuti mwana wa msinkhu umenewu sungamuuze kuti puma ugwire mpweya, amalira, amapotoka, nde chithunzi chikajambulidwa atapendekeka kapena akutulutsa mpweya pakati pa chifuwa pamaoneka potakata ngakhale palibe chilichonse. Kusiyana kwake nkoti thymus ndi yofewa, sikankha kapena kufinya njira ya mpweya, pomwe anabele a TB amafinya, umaona kamzere kakuda ka mpweya kaja kakupyapyala kapena kakhotera mbali. Chithunzi chojambula chammbali chimathandiza kwambiri pamenepa, anabele amaoneka atazungulira pomwe njira ya mpweya yagawikira, ndiye ngati anangojambula chakutsogolo chokha funsani ngati angawonjezere chammbali. Ultrasound nayonso imatha kutsimikiza thymus popanda cheza chilichonse.

Koma olo itakhala thymus, mwana wosafika zaka zisanu yemwe akugona nyumba imodzi ndi wodwala TB ya mmapapo komanso akutsokomola osasiya ayenera kufufuzidwa TB mokwanira. TB ya ana imakhala kwambiri mwa anabele omwewa osati mabowo mmapapo ngati ya akulu, tizilombo timakhala tochepa ndipo mwana satha kulavula makhololo, nchifukwa chake amatenga timadzi ta mmimba mmamawa ndi kapaipi kapena kuyeza chimbudzi pa GeneXpert, ndipo olo zituluke negative adokotala amatha kuyambitsa mankhwala poona zonse pamodzi, sikelo ngati yaima kapena ikutsika, kutentha thupi, kufooka osasewera, kulira kwa mchifuwa kosamva mankhwala opopera. Tengani kabuku ka sikelo mukamapita ndipo nenani za agogowo poyamba penipeni, musadikire kufunsidwa. Akapezeka nayo, malangizo a WHO a 2022 amalola miyezi 4 ya mankhwala mmalo mwa 6 kwa ana omwe TB yawo siyayikulu, kuphatikizapo ya anabele a mchifuwa omwe sanatseke njira ya mpweya. Akapezeka alibe, pali mankhwala oteteza omwe ayenera kulandira, iyeyo ndi ana ena ang'onoang'ono a mnyumbamo.

FUNSO: Andiuza kuti ndibwerenso CT yachiwiri pakatha miyezi itatu kuti aone ngati anabele achepa. Ine ndikuopa, anzanga akuti makina amenewa amaotcha mkati ndipo amayambitsa khansa. Komanso ulendo woyamba atandibaya mankhwala aja ndinamva kutentha thupi lonse ngati ndadzikodzera, kodi sizinandiononge impso?
Mtsikana wa zaka 27

YANKHO: Achemwali, kutentha kuja pafupifupi aliyense amakumva, kumayambira pakhosi kutsikira kumunsi, ena amamvanso kukoma kwa chitsulo mkamwa, ndipo zoti wadzikodzera ndi mmene thupi limamvera chabe, pakatha miniti imodzi kapena ziwiri zatha. Anayenera kukuuzani musanagone pa bedi paja manja ali kumutu, ndimadandaula kuti nthawi zambiri timaiwala. Mankhwalawo ali ndi ayodini, amawalitsa mitsempha ya magazi kuti tisaisokoneze ndi anabele chifukwa popanda iwo zonse zimaoneka zotuwa mofanana, ndipo amatuluka ndi mkodzo. Munthu wa impso zabwino savutika nawo. Omwe timasamala nawo ndi omwe ali kale ndi vuto la impso, nchifukwa chake ena timayamba tawayeza creatinine mmagazi kuti tione mmene impso zikugwirira ntchito, komanso amene anatulukapo zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika atabayidwa, amenewo anene msanga. Akumwa metformin a shuga anenenso.

Za cheza, anzanuwo akukokomeza koma sakunama kotheratu. X-ray imodzi ya chifuwa ndi pafupifupi 0.1 mSv (mSv ndi muyeso wa cheza), CT ya chifuwa ndi cha mma 6 kapena 7 mSv, pomwe munthu aliyense padziko pano amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera mnthaka, mmpweya ndi kumwamba osajambulidwa nkomwe. Ndiye CT imodzi ili ngati cheza cha zaka ziwiri kapena zitatu kulandira kamodzi. Sikuotcha kanthu mkati, koma imawonjezera pang'ono kwambiri chiopsezo cha khansa mtsogolo, makamaka kwa achinyamata ngati inu, choncho sitijambula mwachisawawa. Yanuyi ili ndi chifukwa chomveka, anabele ongotupa ndi chifuwa wamba amakhala atachepa pofika miyezi itatu ndipo akapezeka akukula ndiye kuti tawagwira msanga. Mutha kufunsa ngati yachiwiriyi angaichite ya cheza chochepa. Ngati mwadumphitsa kusamba kapena mukukayikira kuti muli ndi pakati, nenani musanalowe mchipindamo.

FUNSO: Ndili pa mankhwala a TB mwezi wachiwiri tsopano, ndinayambanso ma ARV patangopita masabata awiri. Poyamba ndinapeza bwino koma pano kutentha thupi kwabwerera, pakhosi patuluka chotupa ndipo sikani yatsopano akuti anabele a mchifuwa akula kuposa poyamba. Mlamu wanga akuti ndisiye mankhwala ndikachite PET sikani chifukwa ndi imene imanena zoona ngati ili khansa. Ndipange bwanji?
Mnyamata wosokonezeka

YANKHO: Achimwene, mankhwala musasiye, a TB ngakhale ma ARV, olo tsiku limodzi, pokhapokha adokotala anu atanena. Koma mubwerere kuchipatala sabata yomwe ino osadikira tsiku lomwe anakulemberani.

Zomwe mukufotokozazi zikufanana kwambiri ndi chomwe timachitcha IRIS. Chitetezo cha mthupi chinali pansi nde TB imangokhala osalimbana nayo, ma ARV atayamba kugwira asilikali adzuka nkupeza adani ali mbwee mwa anabele, nkhondo yomwe yabuka pamenepo ndi imene ikutupitsa ndi kutenthetsa thupi. Zimachitika kwambiri mmasabata oyamba mpaka miyezi itatu chiyambireni ma ARV, makamaka CD4, muyeso wa asilikali a mthupi, ikakhala kuti inali yotsika kwambiri, ndipo ngakhale anthu opanda HIV anabele a TB amatha kukula kapena kuphulika ali pa mankhwala oyenera. Nthawi zambiri zimadutsa, zikavuta adokotala amapereka prednisolone kwa masabata angapo, koma ndi iwo opereka ataona kaye kuti palibe china.

Chinacho ndi chimene ndikufuna afufuze, chifukwa sikani yoonetsa kuti anabele akula singasiyanitse IRIS ndi TB yosamva mankhwala, kapena matenda ena omwe amabwera chitetezo chikatsika, kapena khansa za lymphoma ndi Kaposi sarcoma zomwe zimapezeka kwambiri mwa anthu omwe ali ndi HIV. Funso lalikulu ndi loti TB yanu inatsimikizika ndi labu kapena anangoiganizira poona chithunzi. Ngati GeneXpert inaipeza ndipo inati imamva rifampicin, mankhwala mukumwa osadumphitsa, IRIS ndiye ili patsogolo. Ngati sinatsimikizike, mpofunika kutenga kachidutswa tsopano.

Za PET, mlamu wanu akufunirani zabwino koma apa yokha singakuthandizeni. Mmene imagwirira ntchito ndi moti amakuuzani kuti musadye kwa maola 4 mpaka 6, amakubayani shuga wokhala ndi cheza wotchedwa FDG, mumakhala phee pafupifupi ola limodzi, kenako makina amaona malo omwe akudya shuga kwambiri. Khansa imadya shuga kwambiri nde imawala, inde, koma TB nayo imawala chimodzimodzi, sarcoidosis imawala, IRIS imawala, chilichonse chomwe asilikali a mthupi asonkhanapo chimawala. Mukapita lero chifuwa chonse chidzayaka pa chithunzi ndipo mudzabwerako ndi mantha ochuluka popanda yankho. PET ndi yabwino kwambiri pamene khansa yatsimikizika kale nde tikufuna kudziwa yafika pati, kapena ngati mankhwala a lymphoma akugwira.

Chotupa chatuluka pakhosicho, ngakhale chikukuopsani, chapangitsa kuti ntchito iphweke, chili pafupi ndi khungu, adokotala atha kubayapo kasingano kapena kuchotsa mwanabele mmodzi atachititsa dzanzi pamalopo, nkutumiza mbali ina ku GeneXpert ndi kukamera tizilombo, mbali ina kwa oyang'ana pa maikulosikopu. Musachifinye kapena kuchiboola nokha. Mukamapita tengani sikani zonse ziwiri, yoyamba ndi yatsopanoyi, pamodzi ndi khadi lanu la mankhwala ndi pepala la zotsatira za makhololo, ndipo mukayamba kubanika, mutu kupweteka kwambiri kapena khosi kuuma, pitani usiku womwewo.